Mutu uliwonse ulandire lezala yakeyake, ndipo ife ometedwa tilipire

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri amaiona ngati yaing'ono, chonsecho imakhudza bambo aliyense ndi mwana wamwamuna aliyense m'dziko muno. Ndikunena za kumeta m'mababashopu a m'makwalala mwathu. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Bangwe, ndipo ntchito yangayi imandionetsa mitu ya ana kuchokera pamwamba ndikamayenda pakati pawo kuchonga makope. Zimene ndimaona pamitu imeneyo ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Pempho langa ndi lakuti mutu uliwonse uzilandira lezala yakeyake ndi makina otsukidwa bwino, ndipo ife ometedwa tivomere kulipira mtengo wa ukhondo umenewo, tisiye kumangonenerera.

Teremu iliyonse zimayenda chimodzimodzi. Lolemba lotsegulira sukulu anyamata amafika mitu ili phuliphuli, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu onse anali pamzere kometa. Pakangotha milungu iwiri kapena itatu, umayamba kuona timabwalo totuwa pamutu pa uyu, pankhongo pa uyo, tsitsi litaduka m'munsi ngati ladyedwa ndi chiswe. Ndi zipere zimenezo. Mwana amakanda mpaka kusiya kumvetsera. Anzake amamuseka, ena amakana kukhala naye pafupi. Mwana wina amene anali wochangamuka kuyankha m'kalasi anayamba kubwera atavala chipewa chaubweya m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nditamuitanira pambali n'kumuvula chipewacho, pamutu panali potupa, pakutuluka mafinya. Kunyumba anali atamupaka mankhwala owotcha khungu poganiza kuti apha chiperecho. Malo amenewo tsitsi silinamerenso bwino mpaka anachoka pasukulu pathu.

Sindikunena kuti chipere chilichonse chimachokera kwa ometa. Ana amabwerekana zipeso, amagona mphasa imodzi, amagundanitsa mitu posewera, ndipo agalu ndi amphaka nawonso amapatsira. Koma tizilombo toyambitsa zipere, amene achipatala amati mafangasi, timakhala m'tizidutswa ta tsitsi ndi m'mfundu za pakhungu, ndipo timatha kukhala ndi moyo nthawi yaitali pa chipeso, pa burashi, pa nsalu yofunditsa ija ndi pakati pa mano a makina. Tsono taganizani makina amodzi atadutsa pamitu ya ana onse a mumdadada umodzi pa tsiku limodzi, kuyambira m'mawa mpaka nyali zitayaka.

Apa wina angaganize kuti ndabwera kudzanyoza ometa. Ayi ndithu. Ine ometa ndimawalemekeza, ndipo ndikufuna owerenga aone ntchito yawo mmene ndimaionera.

Amene amandimeta ine ali ndi kanyumba ka matabwa ndi malata m'mbali mwa msewu wopita kumsika. Mkatimo muli mpando wachitsulo wowotcherera, benchi ya odikira, galasi lalikulu limene lili ndi mng'alu pakona, ndi chipepala cha zithunzi za masitayilo chimene chinafwifwa ndi dzuwa. Pansi pa tebulo pali batire ya galimoto ndi inveta, pambali pake mafoni a anthu akuchajidwa, iliyonse ndi kapepala ka dzina. Wailesi siizima. Lolemba lililonse mumakhala mkangano wa Maule ndi Manoma, ndipo amene timu yake yagonja amametedwa ali chete. Kumeneko ndi kumene timamva za maliro, za ganyu imene yapezeka ku Limbe, za nyumba ya lendi imene yatsala yopanda munthu. Amuna ambiri amene salankhula zakukhosi kwina kulikonse amamasuka atakhala pampando umenewo.

Ndikakhala pansi amandikulunga nsalu m'khosi n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, lero tichotse zonse kapena tisiyeko?"

"Mwa masiku onse, achimwene. Wani m'mbali, thuu pamwamba."

Manambala amenewa ndi a tizipeso tapulasitiki timene amaveka kumano a makina. Nambala 1 imasiya tsitsi lotalika pafupifupi mamilimita 3, nambala 2 mamilimita 6, nambala 3 mamilimita 10, ndipo akachotsa kachipesoko mano achitsulo amayenda pakhungu penipeni, ndiye mpala umenewo. Amayambira pankhongo kukwera m'mwamba, motsutsana ndi kumene tsitsi lagonera. Akafika pakhutu amalipinda ndi chala chachikulu mofatsa, n'kuzunguliza makinawo ndi ngodya yake yokha. Pamene nambala 1 ikumana ndi nambala 2 amapendeketsa dzanja, kukankha kachitsulo ka pambali pang'onopang'ono mpaka malire atasowa. Liwombo lililonse lili ndi kazungulire kake, ndipo iye amakadziwa ka kasitomala aliyense. Pomaliza amatenga lezala, kuithyola pakati ikadali m'pepala lake ine ndikuona, kukoka khungu la pamphumi ndi zala ziwiri, n'kudula mzere mosapumira. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, munthu utuluka ndi bala kapena ndi mphumi yokhota imene udzayenda nayo milungu iwiri. Limeneli ndi luso, ndipo sanaliphunzire tsiku limodzi. Anayamba ndi kusesa tsitsi m'babashopu ya malume ake, kenako kumeta ana, mpaka anakhulupiriridwa pamitu ya akuluakulu.

Tsiku lina ndinamufotokozera za zipere za kusukulu zija. Anazimitsa makina n'kundiyang'ana kudzera m'galasi. "Aphunzitsi, ine ukhondo ndimaufuna, nanenso ndili ndi ana. Koma tandiuzeni. Mayi abwera ndi anyamata atatu, akuti ndili ndi ya awiri yokha, winayo mungomuchitira chisoni. Bambo abwera, akuti ndikupatsa pakutha pa mwezi. Ndikakweza mtengo pang'ono, onse athawira kwa mnzanga wa patsidyapo. Nanga ya lezala, ya sipiriti, ya makina achiwiri ichokera kuti?"

Funso limenelo ndi limene ndabwera nalo kwa owerenga anu, chifukwa yankho lake lili m'matumba mwathu.

Pafupifupi chilichonse chimene wometa amagwiritsa ntchito chimachokera kunja: makina, mano ake osinthira, mafuta othira m'manomo, malezala, batire, inveta. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi inakwera m'mashopu a ku Limbe monga zinakwerera zinthu zina zonse. Lendi inakwera, mayunitsi a magetsi anakwera. M'chaka chomwecho cha 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ometa ambiri ankakhala tsiku lonse manja ali m'thumba kudikira kuti magetsi ayake. Amene anali ndi kangachepe anagula batire kapena sola, ena analowa m'ngongole. Koma mtengo wometera wakhala ukukwawa kumbuyo kwenikweni. Shuga akakwera timadandaula koma timagula. Minibasi ikakwera timakwiya koma timakwera. Wometa yekha ndiye timamuuza kuti, "Iwe, kungodutsitsa makina basi ndalama zonsezo?" Ndiye iye amapulumukira pati? Amachepetsa pamene ife sitiona: lezala imodzi imadula mizere ya anthu angapo, sipiriti amathiramo madzi, nsalu yofunditsa imatha mlungu osachapidwa, mano obuntha amapitirira kugwira ntchito mpaka kumakoka tsitsi ndi kutema khungu.

Zipere ndi zimene zimaoneka ndi maso. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chosaonekacho. Anthu ambiri akamva za lezala amaganiza za HIV, ndipo n'zoona kuti lezala ya magazi siyenera kubwerekanidwa. Komabe kachilombo ka HIV sikachedwa kufooka kakakhala kunja kwa thupi. Kamene kamapirira ndi ka matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, amene achipatala amati hepatitis B. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kachilombo kameneka kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7, ndipo nthawi yonseyo kangathe kupatsira munthu. Kadontho ka magazi kouma, kosaoneka n'komwe, n'kokwanira. Munthu amatha kukhala nako zaka zambiri osamva kupweteka paliponse, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete, mpaka kudzatulukira mimba itatupa, maso ali achikasu, nthawi zina ili kale khansa. Kuno ku Malawi katemera wa matendawa anayamba kuperekedwa kwa makanda kusikelo mu 2002. Ndiye kuti ambirife amene tinabadwa chisanafike chaka chimenecho, amenenso timadzaza mabenchi a m'mababashopu, sitinabayidwe tili ana.

Izi si zongoopseza. Ofufuza a ku yunivesite ya Cape Town ku South Africa anatenga makina ometera 50 m'mababashopu a m'makomboni a mumzindawo, atangometa mpala, n'kukawayeza. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti makina 42 pa 100 alionse anali ndi magazi, ndipo 8 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za kachilombo ka hepatitis B. HIV sanaipeze. Makina amene amagwiritsa ntchito kumeneko ndi omwewa timaonawa, ndipo mpala umene iwo amautcha chiskop ndi womwewu timaukondawu. Mano achitsulo akamayenda pakhungu lopanda chotchinga amasiya timabala ting'onoting'ono, makamaka pa anthu amene ali ndi tiziphuphu ta pankhongo tija timabwera tsitsi lathu lopotanali likamamera mobwerera m'khungu. Kuwawa kuja timamva akatithira sipiriti pomaliza, n'kumati "eya, mankhwala agwira", ndi umboni wakuti khungu latemeka.

Pali mwambo wina umene umatipatsa mtima pansi mwachabe. Wometa amathira sipiriti pamano a makina, kukhwatcha machesi, moto wabuluu n'kuti lawi kamphindi, kenako afuuza n'kuti, "Bwerani, bwana, zapsa zonse." Amachita zimenezi ndi mtima wabwino. Koma lawi la kamphindi limenelo limangonyambita pamwamba. Tsitsi, mafuta ndi magazi zimene zaunjikana pakati pa mano awiri aja ndi kunsi kwake sizikhudzidwa. Kupemerera sipiriti n'kupukuta nthawi yomweyo nakonso sikukwanira, chifukwa mankhwala amafuna kukhala pachitsulo kanthawi, ndipo sagwira bwino ntchito pamalo pamene pali litsiro.

Chofunika si zida zodula za m'masaluni a m'tauni. Choyamba ndi kuchotsa tsitsi lonse m'mano ndi kaburashi kolimba, ngakhale mswachi wakale, kenako kunyowetsa manowo ndi sipiriti wosasungunula n'kuwasiya aume okha. Madzulo aliwonse amasule tizomangira tiwiri timene timagwira mano a makina, atsuke mano mkati ndi kunja, athire mafuta. Tizipeso tapulasitiki, zipeso ndi maburashi azinyikidwa kwa mphindi 10 m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa Jik pa miyezo 9 ya madzi, kenako n'kutsukuluzidwa. Mano achitsulo okha asagonekedwe m'madzi amenewa chifukwa amachita dzimbiri. Nsalu zikhale ziwiri kapena zitatu, zizichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Malezala otha ntchito aziponyedwa m'chitini chotseka chobowola pamwamba, osati m'ngalande mmene ana amasewera opanda nsapato. Ndipo amene angakwanitse akhale ndi makina awiri, ena akugwira ntchito ena akuuma. Pa zonsezi chodula kwenikweni ndi makina achiwiriwo basi. Zotsalazo zimafuna ndalama yochepa yowonjezera pa mutu uliwonse, komanso kuleza mtima kwa ife odikira pabenchi. Nthawi zambiri ndife tomwe timakuwa kuti, "Fulumira iwe, ndikuchedwa kutchalitchi!" munthu akufuna atsuke makina.

Ena anena kuti makolo athu ankameta ndi lumo limodzi mudzi wonse ndipo sanafe. Nanenso ndinakulira momwemo. Bambo ankatikhazika pansi pa mtengo wa mango, kutinyowetsa mitu ndi sopo, n'kutipala tonse ndi lezala imodzi kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Pakumeta maliro lumo limodzi linkazungulira abale onse. Koma ndani ankawerenga amene anamwalira ndi mimba yotupa, anthu n'kumati awalodza? Ndiponso tinasintha kale pa zinthu zolemera kuposa izi. Edzi itavuta m'zaka za m'ma 1990, mafumu, anamkungwi ndi azaumoyo anagwirizana m'madera ambiri kuti pamiyambo yofuna lumo aliyense azikhala ndi lake. Kumudzi kwathu masiku ano pakumeta maliro banja limagula paketi ya malezala, ndipo palibe amene amati mwambo wawonongeka. Ngati zinatheka pamaliro, zingakanike bwanji pa babashopu?

Aphunzitsi anzanga, ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndi yaikulu. Amene tinakula m'nthawi ya Kamuzu timakumbukira kuti mwamuna wa tsitsi lalitali ankalakwira lamulo, ndipo ngakhale alendo ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Malamulo amenewo anachotsedwa dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri, koma maganizo akuti mwana waulemu ndi wa mpala anatsala m'masukulu. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asamakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopota. Chigamulo chimenecho chinayenera kutiphunzitsa tonse kuganizanso za mmene timalamulira mitu ya ana a eni. Ine sinditsutsa kuti mwana azioneka waukhondo. Koma tsitsi lalifupi la nambala 1 ndi laukhondo mokwanira, ndipo kachipeso kapulasitiki kaja kamateteza khungu kuti lisatemeke. Palibe chifukwa choumirira kuti khungu lizinyezimira, ndipo mwana wa Sitandade 2 safunika kudulidwa mzere ndi lezala. Chizolowezi china chimene chiyenera kutheratu ndi chija chotenga sizasi imodzi pa asembule n'kumadula "msewu" pamutu pa mwana aliyense amene sanamete. Kumeneko ndi kuchititsa mwana manyazi pa mlandu wa umphawi wa makolo ake, komanso sizasi imeneyo imanyamula zipere kuchoka pamutu wina kupita pa wina. Tikadamalengezanso za kumeta kukadali mlungu wathunthu, ana sakadaunjikana onse kwa ometa tsiku limodzi.

Kwa makolo ndinene mosabisa: mwana akakhala ndi chipere pamutu musamutengere ku babashopu kuti akamupale. Kupala sikuchiza, kumangofalitsa. Mafuta opaka okha nawonso nthawi zambiri sathetsa chipere cha m'mutu, chifukwa mafangasi amalowa mkati mwa tsitsi ndi m'mizu yake mmene mafutawo safika. Pamafunika mapiritsi akumwa, monga griseofulvin, kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo wopereka ndi wachipatala atamuona mwanayo. Musathire madzi a batire, mafuta a mabuleki kapena china chilichonse chowotcha. Muzichapa zipewa ndi zofunda zake, akhale ndi chipeso chakechake, ndipo abale ake muwayang'anenso m'mutu. Mukamapita kometa, gulani lezala yanu pa okala n'kupita nayo, kapena pemphani kuti atsegule yatsopano inu mukuona. Wometa wabwino sakhumudwa ndi pempho limenelo. Ndipo wometa akakana kumeta mwana wanu chifukwa waona chipere, musamunyoze, akuteteza ana a anzanu.

Akuluakulu a makhonsolo, pamene mukutolera ndalama za ziphaso ndi za m'misika, tumizaninso alangizi a zaumoyo kuti akakhale pansi ndi ometa m'dera lililonse. Ndikupempha kuphunzitsa, osati kulanda makina kapena kutseka mashopu, chifukwa kanyumba ka matabwa kameneko kakudyetsa banja ndi kulipira fizi. Alangiziwa amafika kale m'midzi ndi m'makwalala pa nkhani za katemera ndi kolera, ndiye kuwonjezerapo ometa si chinthu chovuta. Wometa amene waphunzira apatsidwe chikalata choti apachike pafupi ndi galasi, kuti kasitomala adziwe chifukwa chimene mtengo wa pano ukusiyana ndi wa patsidya. Bungwe la TEVETA, limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, lingathe kukonza maphunziro aafupi a masiku ochepa m'Chichewa, ochitikira kudera komweko, poti wometa sangatseke shopu miyezi itatu kupita kukoleji. A Unduna wa Zaumoyo aganizirenso zoyeza ndi kubaya ometa katemera wa hepatitis B, chifukwa iwo ndiwo amagwira malezala tsiku lonse ndipo zala zawo zimatemeka kawirikawiri.

Ometa nanunso gwirizanani. Chimene chikukupwetekani ndi kupikisana potsitsa mtengo mpaka nonse kutsala opanda phindu. Ngati ometa a mumsewu umodzi atakhala pansi n'kumvana kuti mtengo ndi uwu, ndipo mkati mwake muli lezala yatsopano, kasitomala sadzakhala ndi kothawira, ndipo posakhalitsa adzazolowera. Lembani pakhomo ndi choko kapena penti kuti aliyense aone. Amene amandimeta uja anayamba kale kusunga malezala m'botolo loonekera patebulo ndi chitini cha otha ntchito pansi pake. Makasitomala ena anamuthawa atakweza mtengo, koma azimayi ambiri a m'dera lathu tsopano amadutsa mababashopu awiri kubweretsa ana awo kwa iye.

Akonzi, ndikupemphani mutumize mtolankhani wanu ku Bangwe, ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi pa Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulidwe. Akakhale pabenchi, awerenge mitu imene idutse pa makina amodzi, afunse ometa ndalama zimene amagulira zipangizo ndi zimene amatsala nazo dzuwa likalowa, kenako akafunse achipatala chapafupi za ana a zipere amene amawalandira mwezi wotsatira. Zimene akapeze mudzazisindikize m'Chichewa, kuti ometa eniakewo adzawerenge ndi kuyankhapo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale,
Bangwe, Blantyre